Nthaka ya kwathu ku Phalula sinagone

Munthu wa ku Phalula ukamufunsa zomwe amaopa akamamanga nyumba, amakuuza zinthu zitatu: chiswe, mphepo ya mu Novembala yosasula malata, ndi anamondwe omwe masiku ano ayamba kubwera ndi mayina ngati anthu. Za chivomerezi sangakuuze. Akachitchula ndiye kuti akukamba za ku Karonga, kapena zomwe anaona pa TV zikugwera anthu a kutali. Ifetu timadziona ngati tili pamalo okhazikika. Msewu wa M1 ukudutsa pakati pathu, milambe ili chiimire kuyambira nthawi ya makolo, dzuwa likuwotcha monga mwa masiku onse. Chingagwedezeke n'chiyani?

Ine ndinabadwira komweko. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani za pa intaneti, ndipo za miyala sindinaphunzire ku koleji. Koma chaka chathachi nkhani ya zivomerezi inandipeza pakhomo, mpaka tinakhala milungu itatu osalankhulana bwino ndi achimwene anga. Chomwe tinkakanganirana ndi matumba a simenti ndi zitsulo zingapo.

Tilipo atatu kwa amayi athu. Achimwene ali ku Johannesburg, achemwali ndi aphunzitsi, ine wotsiriza ndili mu Blantyre. Nyumba ya zidina yomwe anatisiyira malemu bambo inang'aluka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndipo Freddy atabwera mu Marichi 2023 khoma la kuseri linangotsala pang'ono kugona. Tinagwirizana zowamangira amayi nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu. Tinatsegula gulu la pa WhatsApp, amalume n'kukhala oyang'anira ntchito kumudzi. Njerwa zinaumbidwa, uvuni unapsa, maziko anakumbidwa. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku lomwe amisiri anatumiza mawu kudzera kwa amalume.

Anati ndalama zomwe zilipo sizikwana kufolera mvula isanagwe. Nzeru yawo inali yoti makoma amange ndi dothi, simenti ingopakidwa m'mizere ya kunja, ndipo bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse, ija amangoti ring'i bimu, tiyisiye. Angoika tizibimu pamwamba pa zitseko ndi mazenera basi. "Nyumba zonse kuno timamanga choncho, ndipo sizinagwepo," anatero. Achimwene anayankha ndi kachala koloza m'mwamba. Achemwali nawo chimodzimodzi.

Ine sindinaike kachala. Sabata yomweyo ndinali nditapatsidwa ntchito yolemba za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'Malawi, ndipo powerenga uku ndi uku ndinapeza mapu omwe anandikhazika chete. Anali mapu a dziko lathu lomweli, koma olembedwa mizere yambirimbiri kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Mzere uliwonse ndi mng'alu wa pansi pa nthaka womwe akatswiri akuti udakali wamoyo, kutanthauza kuti ukhoza kusuntha n'kuyambitsa chivomerezi. Ndinakulitsa mapuwo ndi zala kufunafuna kwathu. Ndinapeza kuti chigwa cha Shire chomwe tikukhalamo chili ndi mizere yake, ndipo mayina ake ndi a kwathu konkuno: Lisungwe, Mtsimukwe, Mlungusi, Chingale, Zomba.

Dziko likung'ambika, koma mwaulesi

Kuti mumvetse mizereyi, ganizirani mphika wadothi womwe unasweka koma mapale ake sanamwazike. Khungu la dziko lapansi lili choncho: mapale akuluakulu ogundana, omwe amayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ya pansi. Kum'mawa kwa Africa kuno mapalewo akutalikirana. Mng'alu wake waukulu unayambira ku Ethiopia, n'kutsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania mpaka ku Mozambique, ndipo nthambi yake ya kumadzulo ndi imene muli nyanja za Albert, Kivu, Tanganyika, Rukwa ndi Malawi. Kumadzulo kwathu kuli phale lomwe amalitcha Nubia, kum'mawa kuli laling'ono lotchedwa Rovuma. Pakati pake nthaka imatitimira. Ndi chifukwa chake nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, moti pansi pake penipeni ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja ya mchere. Akasupe otentha a ku Chiweta ndi a Mawira ku Nkhotakota nawo amatulukira m'ming'alu yomweyi.

Chigwacho sichinathere ku Mangochi. Chinapitirira kudzera ku Malombe, Liwonde, Matope mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje. Mukaima pa Phalula n'kuyang'ana kum'mawa tsiku lopanda nkhungu, mumaona phiri la Zomba. Mukatembenukira kumadzulo, mumaona mapiri a ku Neno ndi Ntcheu. Ife tili pansi, pa gawo lomwe linatsika.

Liwiro lake ndi loseketsa. Kummwera kuno mapale awiriwa amatalikirana ndi pafupifupi milimita imodzi pachaka, mwinanso kuchepera. Chikhadabo chanu chimakula kuposa pamenepo pa mwezi umodzi. Vuto ndi loti miyala siyenda tsiku ndi tsiku ngati chikhadabo. Imagwirana, imakanirira, mphamvu n'kumaunjikana. Milimita imodzi pachaka ndi mita imodzi pa zaka 1,000, mamita asanu pa zaka 5,000. Tsiku lina miyala ija imalephera kugwirana, n'kulipira ngongole yonseyo m'masekondi ochepa. Chimenecho ndiye chivomerezi.

Palinso china chokhudza kwathu kuno. Miyala ya pansi pa Malawi ndi yakale, yozizira komanso yolimba mpaka pakuya kwambiri, moti zivomerezi zimatha kuyambira makilomita 30 pansi kapena kuposerapo. Mng'alu ukakhala wautali komanso wolowa pansi chotere, malo omwe angasunthe nthawi imodzi amakhala aakulu. Malo akakula, chivomerezi chimakulanso.

Kuwerenga zivomerezi zomwe palibe anazilemba

Funso lomwe linandivuta linali ili: akatswiriwa amadziwa bwanji kuti mng'alu ndi wamoyo, pomwe palibe agogo aliyense anauona ukusuntha? Makina oyezera zivomerezi anayamba kugwira ntchito padziko kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zaka zana limodzi ndi kanthu. Pomwe mng'alu umodzi wa kuno ukhoza kukhala phee zaka masauzande usanasunthenso. Kudalira makina okha kuli ngati kukhala pa Phalula masiku awiri mu Okutobala n'kukauza anthu kuti kumeneko sikugwa mvula.

Ndiye pali nthambi ya sayansi yotchedwa paleoseismology, yofufuza zivomerezi zamakedzana powerenga zipsera zomwe zinasiya. Chipsera choyamba ndi chitunda. Chivomerezi chachikulu chikang'amba nthaka mpaka pamwamba, mbali imodzi imatsika, ina n'kutsala pamwamba, ndipo pakati pamakhala ngati sitepe yaitali makilomita ambirimbiri. Aliyense amene analimapo akhoza kumvetsa momwe amaiwerengera zaka. Mzere wa m'munda ukangoungidwa umakhala wosongoka. Mvula ikaugunda miyezi inayi, pofika nthawi yokolola umakhala utafwafwanizika. Chitunda cha chivomerezi nachonso chimayamba chili chakuthwa, kenako mvula ya zaka mazanamazana imachisalaza. Poyeza kupendekeka kwake, akatswiri amatha kuyerekeza ngati ndi chaposachedwa kapena chakalekale, komanso ngati chinapangidwa kamodzi kapena kangapo.

Mitsinje nayo imaulula. Mtsinje wodutsa pa mng'alu ukadulidwa mwadzidzidzi, pamabadwa timathithi. Madzi akamadya mwala, timathithito timabwerera chakumtunda pang'onopang'ono. Ukapeza timathithi tiwiri totsatizana pa mitsinje ingapo yoyandikana, umayamba kukayikira kuti nthaka inatsika kawiri.

Njira ina ndi yokumba. Amakumba ngalande yakuya yodutsa pa mng'alu, n'kusalaza makoma ake. Amene anakumbapo dzenje la chimbudzi amadziwa kuti dothi limakhala m'magawo: lakuda pamwamba, katondo, mchenga, miyala. Pamene panadutsa chivomerezi magawowa amakhala oduka, mbali ina ili m'mwamba ina pansi. Gawo loyamba lomwe lagona pamwamba pake losaduka ndiye linabwera chivomerezi chitachitika kale. Ukadziwa zaka za gawo loduka ndi za gawo losaduka, wachipanikiza chivomerezi pakati. Katswiri wina wa ku America, Kerry Sieh, anatchuka ndi njirayi m'zaka za m'ma 1970 pa malo otchedwa Pallett Creek ku California, pomwe anawerenga mndandanda wa zivomerezi zakale za mng'alu wa San Andreas.

Zaka zake amazipeza bwanji? Apa ndinaseka ndekha, poti yankho lake ndi chinthu chomwe Phalula amatchuka nacho m'mbali mwa msewu: makala. Mtengo uli moyo umatenga mtundu wina wa kaboni, wotchedwa carbon-14, kuchokera mu mpweya. Ukafa, kaboniyo amayamba kutha, ndipo theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Kakhala kakang'ono ka moto wolusa wamakedzana, kokwiririka m'dothi, kakhoza kunena zaka za gawo lomwe kali. Pomwe palibe makala amagwiritsa ntchito mchenga. Pali njira yoyezera kuti njere za mchenga zinaona dzuwa komaliza liti zisanakwiririke.

Zomwe anapeza kwathu kuno

Chipsera chotchuka kwambiri m'Malawi chili pafupi ndi ife. Mukanyamuka ku Balaka kulowera ku Salima pa msewu wa M5, kudzera ku Bilila, Kasinje, Golomoti, Mua ndi Mtakataka, mapiri amakhala ku dzanja lanu lamanzere. Chakumunsi kwa mapiriwo kuli chitunda chomwe chimayenda nanu ulendo wonsewo, makilomita oposa 100. Mu 1997 akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, analemba za chitunda chimenechi, chomwe chimadziwika kuti mng'alu wa Bilila-Mtakataka. Anapeza kuti malo ena ndi chotalika mpaka mamita 15, ndipo anati ngati chinapangidwa ndi chivomerezi chimodzi, mphamvu yake inali pafupifupi 8. Patapita zaka, Michael Hodge ndi anzake a ku yunivesite za Cardiff ndi Bristol anachiyezanso ndi zithunzi za setilaiti. Anapeza kuti mng'aluwu uli m'zigawo zingapo, ndipo cha ku Mua ndi Kasinje pali zizindikiro zoti unasuntha kosachepera kawiri. Zikutanthauza kuti zomwe zinachitika kumeneko zinabwerezapo kale.

Manambala a mphamvuwa amapusitsa. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 kumaoneka ngati sitepe imodzi, koma mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Kuchoka pa 6 kufika pa 8 ndi pafupifupi ka 1,000.

Ming'alu isanu ya m'chigwa chathu ija inafotokozedwa mu 2020 ndi Luke Wedmore ndi gulu lake, momwe munali akatswiri athu a ku Geological Survey Department monga Hassan Mdala ndi Felix Mphepo, komanso Zuze Dulanya wa ku Chancellor College. Chomwe chinandigwira mtima pa zomwe anapeza ndi ichi: kale anthu ankaganiza kuti kusuntha kwambiri kumachitikira m'mphepete mwa chigwa, m'tsinde mwa mapiri. Iwo anapeza kuti pafupifupi theka la kusunthako likuchitikira pa ming'alu ya m'kati mwa chigwa, kumene kuli midzi ndi minda. Ntchito yonseyi inasonkhanitsidwa ndi Jack Williams ndi anzake. Mu 2021 anatulutsa mndandanda wa ming'alu yamoyo 23 ya chigawo cha kummwera, ndipo mu 2022 anatulutsa wa dziko lonse, Malawi Active Fault Database, wokhala ndi ming'alu 113. Ndiwo mapu aja ndinawapeza. Ali pa intaneti, aulere.

Usiku wa 1989

Nditawaimbira amayi kuwafunsa ngati anamvapo chivomerezi, sanachedwe n'komwe. "Iii, cha 1989 chija? Ndinali sitandade 7." Anati unali usiku, anthu atagona. Kunayamba phokoso ngati lole yodzaza ikubwera chapatali, kenako mbale zinayamba kulira zokha, nkhuku kukokoma m'khola, agalu kuuwa mudzi wonse. Agogo anawatulutsa onse panja, ndipo anakhala pa mkeka mpaka kunacha. Agogowo akuti anangoti kwinakwake kwamwalira mfumu yaikulu, ndipo a pansi akuivomereza.

Chimenecho chinali chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Marichi 1989. Mphamvu yake inangopitirira 6 pang'ono, koma chinapha anthu 9 ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Patapita zaka 20, mu Disembala 2009, ku Karonga kunagwedezeka kwa milungu ingapo, kuyambira pa 6 Disembala, ndipo chachikulu cha mphamvu 6.0 chinabwera pa 19 Disembala. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba masauzande zinaonongeka. Chodabwitsa n'choti mng'alu womwe unasuntha sunali waukulu uja wa m'tsinde mwa mapiri a Livingstone kutsidya kwa nyanja. Unali waung'ono, wa m'kati mwa chigwa, womwe pano umatchedwa St Mary. Pa 8 Marichi 2018 kunabweranso china cha mphamvu pafupifupi 5.5 cha ku Nsanje. Chimenechi ndinachimva ndekha ndili mu Blantyre, mazenera akunjenjemera, anthu akutuluka m'maofesi n'kumayang'anana.

Zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi zomwe chigwachi chimatha kuchita. Mu 1910 kufupi ndi nyanja ya Rukwa ku Tanzania kunachitika cha mphamvu 7.4. Mu Febuluwale 2006 ku Machaze, ku Mozambique, kunachitika cha mphamvu 7.0. Ndi chigwa chomwechi, kumpoto kwathu ndi kummwera kwathu.

Mkangano wa pa gulu

Ndinalemba zonsezi mwachidule pa gulu lathu, ndi chithunzi cha mapu. Achimwene anayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. "Iwe, sukulu yakuzunguza mutu eti? Wanena wekha kuti chinthucho chimabwera pa zaka masauzande. Mvula ikubwera Novembala yemweyu. Amayi agona kuti? Ine ndikugona anthu anayi chipinda chimodzi kuno kuti ndipeze ndalama imeneyi. Ukufuna ndikwirire ndalama m'khoma chifukwa cha chinthu chomwe ngakhale zidzukulu zako sizidzachiona?"

Mawu amenewa sanali opepuka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wa pamphuno pathu inali mvula. Ndalama za ku Joni anthu amaziona zikafika pa foni, osaona momwe zapezekera. Ndinakhala masiku awiri osayankha, ndikuganiza.

Chomwe ndinawalembera pambuyo pake chinali chotere. Achimwene, zoona mng'alu umodzi umatenga zaka masauzande. Koma ming'alu si umodzi. Ilipo yambiri motizungulira, ndipo palibe yemwe ali ndi kalendala yake. Komanso kuti nyumba ya njerwa ndi dothi igwe sipafunika chivomerezi cha 8. Cha ku Salima ndi cha ku Karonga zinali za 6 basi. Amayi ali ndi zaka 50, ndipo m'moyo wawo womwewu dziko lino laona ziwiri zogwetsa nyumba. Nyumba tikumangayi tikufuna ikhale zaka 50 zina. Ndinawakumbutsanso za ku Morocco mu Seputembala 2023, komwe chivomerezi cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000, ambiri mwa iwo m'midzi ya m'mapiri momwe nyumba zake ndi za dothi ndi miyala. Anthu amenewo anaphedwa ndi makoma a nyumba zawo zomwe.

Ndinawonjezera kuti kufupi ndi kwathu kuli siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya, kuli njanji ya pa Nkaya, kumunsi kuli Nkula ndi Tedzani. Zinthu zotere zimakhala ndi mainjiniya ozilembera mapulani ndi kuziwerengera. Nyumba ya amayi injiniya wake ndi ife atatu ndi foni zathu.

Anawerenga, timizere tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Milungu itatu. Achemwali ankangotumiza mavesi a m'mawa.

Chomwe chimagwetsa nyumba zathu

M'milungu imeneyo ndinafufuza ngati pali njira yoti nyumba ilimbe popanda kuwirikiza mtengo. Chivomerezi cha ku Karonga chitachitika, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, otchedwa Safer House Construction Guidelines. Pambuyo pake akatswiri a ku Bristol pamodzi ndi a ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, anayendera nyumba za anthu wamba ndi kuyesa njerwa ndi makoma omangidwa mwa chikhalidwe chathu, pansi pa pulojekiti yotchedwa PREPARE. Nkhani yake ndi yosavuta kumva.

Nyumba zathu timazimanga kuti zisenze katundu wochokera pamwamba. Chivomerezi chimakankha cham'mbali, uku ndi uku. Makoma anayi omwe sanamangiriridwe pamodzi amayamba kuvina lililonse payekha, amasiyana m'makona, n'kugwera kunja kapena m'kati. Bimu yozungulira nyumba yonse imagwira ntchito ngati mkombero wa lichero: imagwira makoma onse pamwamba kuti ayende ngati chinthu chimodzi. Tizibimu ta pa zitseko tokha sitingachite zimenezo chifukwa sitilumikizana.

Zina ndi zazing'ono koma zofunika. Khoma la kunja likhale la mainchesi 9, njerwa zolukana, m'malo mwa la mzere umodzi wa njerwa. Njerwa zinyowetsedwe zisanamangidwe, apo ayi zimamwa madzi a simenti n'kusiya fumbi lokhalokha. Mipata ya pakati pa njerwa idzazidwe yonse, yogona ndi yoimirira yomwe. Zitseko ndi mazenera zisayandikire kwambiri pa kona, ndipo zisachuluke pa khoma limodzi. Makoma a m'kati alukane ndi a kunja. Gebulo, khoma la nsonga lija la pansi pa denga, ndi limene limayamba kugwa, ndiye lisatalike mopanda chifukwa. Mitengo ya denga imangiriridwe ku bimu ndi waya wolimba. Ndipo taonani: zonsezi ndi zomwezo zimateteza nyumba ku mphepo yosasula malata ndi ku mvula ya namondwe. Ndalama yake ndi imodzi, ngozi zake zitatu.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi amayi. Amalume atawawerengera mauthenga onse, anapempha kuti atiimbire tonse pamodzi. "Ana inu, mukudana chifukwa cha ine? Chipinda chachitatucho agonamo ndani? Nonse muli m'tauni, mumabwera pa Khirisimasi. Mangani ziwiri zolimba. Ine usiku uja wa pa mkeka ndimaukumbukira. Sindikufuna kudzathamanga ndi mwendo wangawu." Achimwene anangoti, "Tamva, amayi."

Tinachotsa chipinda chimodzi, khonde tinaliimika kaye, ndalama yake n'kupita ku simenti, zitsulo ndi miyala ya kwale. Amisiri ananyinyirika pang'ono, koma atauzidwa kuti malipiro awo sasintha anagwira ntchito bwinobwino. Tsiku lothira bimu ndinawapempha amalume kuti ajambule zitsulo konkire isanathiridwe, makamaka m'makona momwe zimayenera kupindika n'kulumikizana. Anajambula zithunzi khumi ndi ziwiri, zisanu mwa izo chala chawo chili pa kamera. Malata anakwera mvula yoyamba itagwa kale kamodzi.

Kwa anzanga omangira makolo pa foni

Tilipo ambiri a msinkhu wanga omwe tikumangira makolo nyumba tili kutali, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Cape Town. Timafunsa za mtundu wa malata, za matailosi, za penti. Zomwe zabisika m'khoma sitifunsa, poti sizioneka pa chithunzi cha pa Facebook. Funsani. Khoma ndi la mainchesi angati? Thumba limodzi la simenti akusakaniza ndi mawilibala angati a mchenga? Bimu ikuzungulira nyumba yonse? Pemphani chithunzi asanathire. Ngati ndalama zachepa, chepetsani kukula kwa nyumba, chipinda china mudzawonjezera.

Chinanso, chenjerani ndi mauthenga oyenda pa WhatsApp onena kuti chivomerezi chibwera Lachisanu nthawi yakutiyakuti. Palibe wasayansi aliyense padziko lapansi amene angatchule tsiku. Chomwe angakuuzeni ndi malo omwe chingachitike, kukula kwake, ndi kuti pamalopo chinachitikapo kale. Chakudza sichiimba ng'oma. Chikakupezani m'nyumba, gwadani pansi, tetezani mutu ndi khosi, lowani pansi pa tebulo lolimba ngati lilipo, kutali ndi mazenera ndi gebulo. Kugwedezeka kukaleka tulukani mupite pa bwalo, kutali ndi makoma, mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi. Nyumba ikang'aluka musathamangire kugonamo, chifukwa zina zimatsatira pambuyo, monga zinachitikira ku Karonga.

Achimwene mpaka lero amanditchula kuti Chivomerezi. Akaimba foni amayamba ndi kufunsa kuti, "Nanga lero yasuntha mamilimita angati?" Koma mwezi wathawu ananditumizira uthenga kumbali, osati pa gulu. Akufuna kugula puloti ku Liwonde, yoti adzamangepo akadzabwerako ku Joni. Anafunsa ngati mapu aja ndidakali nawo, komanso kuti amisiri aja angapezeke liti. Ndinawatumizira zonse ziwiri.